Kadzidzi Wakana Kutsinzina

Lolemba

Mwera ukuomba kuyambira m'mawa. Mchenga mpaka m'tiyi. Koma lero sindikudandaula, chifukwa patebulo panga pali galasi latsopano la kamera, lija ena amati lenzi. Latsopano kwa ine. Lokhalo ndi lakale kuposa ukwati wanga.

Labwera ndi alamu anga, mlongo wawo wa akazi anga a Nabanda, amene abwerako ku migodi ya ku Joni. Akuti analigula kwa mzungu wina wokalamba wogulitsa zakale. Kulemera kwake! Galasi lalikulu, lachikasu pang'ono ngati tiyi wopanda mkaka. Pamphete pake palembedwa 1.4. Langa lakale limayambira pa 3.5, ndipo zaka zonsezi ndimangolisiya pa 8, ngati wailesi yathu ya siteshoni imodzi.

Ndilembe bwino kuti ndisaiwale zimene ndadzifotokozera ndekha. M'kati mwa galasi muli bowo lolowera kuwala. Nambala ikakhala yaikulu, bowo limachepa, ndipo zonse zimaoneka: munthu, nyumba kumbuyo kwake, ngakhale nkhuku ya aneba. Nambala ikakhala yaing'ono, bowo lili yasa, ndipo chimaoneka ngwee ndi chinthu chimodzi chokha. Zina zonse zimasungunuka.

Alamu analikulunga m'tsamba la magazini. Patsambalo pali nkhope ya mayi wina, maso akuthwa moti ungawerenge nsidze, koma kumbuyo kwake kulibe kanthu, chifunga chofewa chokhachokha. Ndaliyang'ana mpaka tiyi wazizira. Chithunzi chotere Nkhotakota yonse sinachionepo.

Tasinthana. Alamu ali ndi kamera yawo ndipo akufuna galasi lopepuka. Atenga langa lakale, akwera nalo basi ya masana ya ku Dwangwa.

Nkhani yake ndi iyi. A Bwanali, eni sitolo yaikulu pa boma pano, akukwatitsa mwana wawo Asiyatu Loweruka. Maukwati onse a banja limenelo ndajambula ndine. Ndipo kuno pamene a Bwanali aponda, anthu onse amapondanso pomwepo. Koma kwatulukira mnyamata wa ku Salima wa njinga yamoto, wojambula zithunzi za kala, pamene zanga ndi zakuda ndi zoyera. Dzulo nditawafunsa a Bwanali za Loweruka anangoti, "Tidzaona, Inshallah." Mawu amenewo sindinawakonde. Ndikataya ukwati uwu, situdiyo yanga idzatsala ya zithunzi za ziphaso basi.

Kala ndilibe. Koma chifunga ndili nacho.

Dongosolo la sabata ino:
- kujambula bowo lili yasa, osalitseka ngakhale kamodzi, mpaka dzanja lizolowere
- kuyesa pa anthu enieni
- kuonetsa a Bwanali lisanafike Lachisanu
- Loweruka, wa ku Salima abwerere kwawo ali wera!

A Nabanda aliyang'ana galasilo, nalonso lawayang'ana. Akuti likufanana ndi diso la kadzidzi, ndipo dzina lapsa pomwepo. Akutinso, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lakale lija limatidyetsa." Kenako, ali mkati mopukuta mbale, "Poti mukuyesa, yesani pa ine."

Ndawauza kuti filimu ndi ya makasitomala. Nkhope yawo ndimaiona tsiku lililonse, ndiijambuliranji? Mbale yomweyo aipukuta kawiri.

Lachiwiri

M'mawa. Kuyesa popanda filimu. Mphete ya fokasi, yosakira chinthu kuti chioneke ngwee, ndi yolimba, ndipo ulendo wake ndi wautali: kupotokola, kupotokola, chinthu chaoneka, wapitirira, bwereranso.

Zimene ndayesa:
- mtondo (wagwirizana nane bwino)
- mphanda ya khonde (chimodzimodzi)
- tambala (sadikira munthu)
- mbuzi ya aneba (ikufuna kudya lamba wa kamera)

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Vuto ndi lakuti tambala si nkhono.

Masana. Kasitomala woyamba! A Longwe, msodzi wochokera kumpoto amene anakhazikika ku Bua. Abwera pa boti kudzagulitsa nsomba pa boma. Agula injini chaka chino ndipo akufuna chithunzi chotumiza kwawo, kuti abale amene ankati kuno anangobwera kudzasewera ndi madzi atseke pakamwa.

Tili pamchenga. Dzuwa lili paliwombo, mchenga ukuthobwa m'maso, madzi nawo akuthwanima. A Longwe aimirira pambali pa boti, chifuwa patsogolo. Bowo yasa. Liwiro la kamera ndalifikitsa pamapeto penipeni. Kheche!

Ndadula filimu mumdima, ndatsuka. M'chipinda chotsukira mukutentha ngati mu uvuni wa njerwa, mabulangete ali pazenera, thukuta likudonthera m'mankhwala.

Zotsatira: pepala loyera mbee. Pakati pake pali timadontho tiwiri ndi lamba wa thalauza. Ndikuganiza kuti timadonthoto ndi mphuno za a Longwe. Kuwala kwalowa kochuluka, kwapsereza zonse.

A Longwe alitembenuza pepalalo, kenako alitembenuzanso. "Ada, ndikatumiza ichi kwathu ayamba kulira maliro."

Phunziro: Kadzidzi sakonda dzuwa. Ndi kadzidzi ndithu. Ndawapempha agone pa boma kwa abale awo, mawa tibwereze pamthunzi, ulere.

Lachitatu

Pamchenga palibe mthunzi, ndiye mthunzi sungapite kwa injini. Injini yabwera kwa mthunzi. A Longwe aisenza paphewa kuchokera kudoko mpaka pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa situdiyo, anthu akuwatsatira ngati kwafika gule.

Aikhazika pa mgolo. Aipukuta ndi malaya awo, kenako avala jekete yobwereka pamwamba pa malaya omwewo. Wailesi m'khwapa. Wotchi aikokera pamwamba pa mkono wa jekete kuti isabisike. Iwo patsogolo, injini kumbuyo pang'ono.

Ndikusaka diso lawo. Kupotokola. Lapezeka! Apuma mpweya, lasowa. Ndawapempha asapume. Kumwetulira kwawo kwauma pang'onopang'ono mpaka kwatsala mano okha. Kheche!

Ndatsuka. Ndipo apa ndinene zoona, mtima wanga unadumpha. Chithunzicho ndi chokongola! Diso la a Longwe lili ngwee, makwinya onse a mphepo ya panyanja akuoneka, kachipsera ka mbedza patsaya. Kumbuyo kwawo chifunga chija cha m'magazini, chofewa, chopanda phokoso. Sindinajambulepo chinthu chotere chibadwire. Ndakhala pansi m'chipinda chotentha chija osafuna kutuluka.

A Longwe achiyang'ana nthawi yaitali.

"Injini ili kuti, ada?"

Ndawaonetsa ndi chala. Apo, pamene pali mbuu.

"Uwo ndi utsi. Wotchi ili kuti? Wailesi?" Ndayamba kufotokoza za luso, za mmene amajambulira kunja, kuti chofunika pa munthu ndi nkhope. Andidula bwinobwino, mopanda ukali. "Nkhope yangayi kwathu akuidziwa onse, anaiona ndili wamaliseche. Chimene sakuchidziwa ndi injini."

Asenzanso injini yawo. Akuti adikira wa ku Salima.

Zimene ndazindikira lero: anthu akuno akamati "ndijambuleni" satanthauza iwo okha. Amatanthauza iwo, nsapato, njinga, malata a padenga ndi mwana wa sukulu atanyamula buku. Chithunzi ndi mboni. Ine ndagula galasi lothamangitsa mboni.

Komabe chithunzicho ndachikhoma pa bolodi la panja. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa wafunsa ngati bamboyo anajambulidwa nyumba ikupsa.

A Nabanda achiona. Akuti, "Koma ndiye mwawakongoletsa a Longwe." Aima pamenepo kanthawi, dengu lili pamutu. Ndimayembekeza kuti anenanso zina. Angopita kumsika.

Lachinayi

Tsiku loonetsa a Bwanali. Ndawapempha ndiwajambule ndi banja, mphatso ya ukwati isanafike nthawi. Avomera.

A Bwanali ali ndi akazi awiri, ndipo boma lonse likudziwa chilungamo chawo. Nsalu amagula ziwiri zofanana. Maambulera awiri. Nsomba ikakhala imodzi amaing'amba motalika, kuti aliyense apeze mbali ya mutu ndi mbali ya mchira. Ashehe amawatchula pophunzitsa anyamata.

Pakhonde, mthunzi wabwino. Benchi imodzi. A Bwanali pakati, mkanjo woyera, kofiya. Mayi aakulu kumanja, mayi aang'ono kumanzere, nsalu zofanana, mipango yofanana. Ndawakhazika pamzere umodzi ndi dzanja langa, chifukwa Kadzidzi amaona kampata kochepa ngati chikhatho. Wopitirira pang'ono kutsogolo kapena kumbuyo, wasowa.

Ndapeza diso la a Bwanali. Ndikudina, mayi aakulu atsamira khoma mwaulemu wawo. Mayi aang'ono asendera kutsogolo kuti aone bwino galasi lachilendoli. Kheche!

Ndatsuka.

- a Bwanali: ndevu iliyonse payokha
- mayi aang'ono: ngwee, mpaka ndolo
- mayi aakulu: alipo, koma ngati akutsanzika

A Nabanda achipeza chikuuma pa chingwe. Agwira pakamwa. "Ichi musapite nacho kunyumba kwawo. Kawaonetseni okha kusitolo, kulibe anthu." Pa zinthu ngati izi a Nabanda salakwitsa, ndiye ndamvera.

Kuseri kwa kauntala, pakati pa matumba a mchere. A Bwanali avala magalasi, ayang'ana, avula magalasi. Achipinda kanayi n'kuchiika m'thumba la mkanjo. Apempha ndi negetivi yomwe, kafilimu kamene chinatulukamo.

"Zaka zonsezi ndayesetsa kuti m'nyumba mwanga musakhale wooneka kuposa mnzake. Inu mwaigwetsa ntchito yonseyo ndi chala chimodzi." Ananena motsitsa mawu, akundithirira tiyi. Bola akanandikalipira.

Pomaliza akuti Loweruka ndibwere ndithu, pakuti ndine wakale pabanjapo. Koma akufuna aliyense aoneke, kuyambira ashehe mpaka mwana wa kumbuyo. Ndipo wa ku Salima amuitananso. "Tidzaona za onse awiri, kenako tidzadziwa."

Manyazi andigwira mpaka m'mapazi. Pobwerera ndadzera njira ya kuseri kwa msika.

Dongosolo latsopano:
- Loweruka panja ponse nditseka bowo pa 8, Kadzidzi akhale ngati galasi wamba
- chithunzi chimodzi chokha, cha mkwatibwi ali m'chipinda, bowo yasa
- chimodzi chomwecho chidzawagwetsa misozi, ndikudziwa
- mpaka tsikulo lumbiro langa lili pomwepo, sinditseka

Lachisanu

Uthenga m'mamawa: a wapampando a chipani a dera lathu akundifuna ku ofesi. Tiyi ndamusiya pomwepo. Ndafufuza khadi langa la chipani, lili m'thumba. Ndayang'ana tsitsi pagalasi, silinafike pakolala. Ndiye ndalakwanji?

Palibe. Akungofuna chithunzi ali pa desiki. Amva kuti ndili ndi galasi lochokera kunja.

Muofesi muli mdima, kazenera kamodzi. Galasi langa lakale likanagonja. Koma Kadzidzi m'menemo ndiye kwawo! Ndikuyang'ana m'kamera, zonse zikuwala ngati panja. A wapampando agwira cholembera, telefoni pafupi, nkhope ya munthu woganizira dziko. Pamwamba pawo, kukhoma la kumbuyo, Chithunzi chija cha Mtsogoleri wa dziko chimene chili m'ofesi iliyonse ndi m'sitolo iliyonse, chimene palibe chinthu chimaloledwa kukhala pamwamba pake. Kheche!

Ndatsuka ndikuimba kanyimbo.

Kanyimboko kathera pakati.

A wapampando atuluka bwino zedi. Koma pamwamba pawo, pamene pali Chithunzi, pali banga la mbuu ngati wina wapakapo phala. Nkhope yosadziwika. Ine, ndi dzanja langa, ndafufuta...

Sindilemba zambiri. Mapepala ali ndi miyendo.

Pepala ndi negetivi zonse zalowa mu mbaula ya a Nabanda. Aona chimene chikupsa, andiyang'ana. Angowonjezera makala.

Ndabwerera ku ofesi. "Filimu inapsa, bwana." Sindinaname kwenikweni. Kutseka bowo sindingathe, mdima wachuluka. Ndiye pa awiriwa mmodzi yekha ndi amene angaoneke, ndipo kusankha kwake sikovuta. Ndapotokola mphete kudutsa mphuno ya a wapampando, kudutsa makutu, mpaka kukhoma. Kheche!

Chithunzi chachiwiri: pamwamba, Chithunzi chili ngwee, ngakhale kafumbi ka pa felemu. Pansi pake pali mthunzi wovala tayi.

Ndapita nacho ndikupemphera. A wapampando achigwira. Adzisaka, adzipeza, nkhope yagwa. Atsegula pakamwa. Kenako ayang'ana anyamata awiri a malaya ofiira amene aima pakhomo, ayang'ananso pamwamba pa chithunzicho.

"Chabwino kwambiri. Ndi mmene ziyenera kukhalira." Mawu ake ngati munthu amene munga wa nsomba wamuima pakhosi. Anyamata aja avomereza ndi mitu. Aitanitsa zina zoti akapachike m'nthambi zonse.

Kasitomala woyamba wokhutira sabata ino! Ndabwerera kunyumba ndikuyenda ngati munthu. Mwina zinthu zayamba kutembenuka.

A Nabanda akusita nsalu yawo ya maluwa obiriwira, ya mawa. Awapempha kukathandiza kuphika mpunga wa ukwati pamodzi ndi amayi ena a mudzi uno. Akuti, "Wa ku Salima uja akuti amajambula ndi ophika omwe." Ndawauza kuti n'chifukwa chake filimu imamuthera msanga.

Loweruka

Mwera waleka. Kumwamba kuli mbee, dzuwa la ukwati.

Kadzidzi ndamupukuta. Mphete ya bowo ndaizunguza mpaka pa 8, koyamba chifikire. Ikulira bwino, the, the, the. Kamera zamtunduwu ukamayang'anamo bowo limakhala lotsegula nthawi zonse, limangotsinzina lokha pa kamphindi kamene wadina. Ndiye m'maso simusintha kanthu, koma mtima uli m'malo. Lero aliyense aoneka.

A Nabanda anapita kale kusanache.

Kwa a Bwanali anthu ngati nyerere. Abale a ku Chia abwera pa lole, atanyamula mpunga ndi mbuzi. Mikanjo yoyera, mipango ya mitundu yonse, fungo la pilawu mpaka kumsewu. Wa ku Salima wafika ndi fumbi lake. Kamera yake yaing'ono, ya fulashi pamwamba, sapotokola kanthu, amangoloza n'kudina. Thalauza lake lotambalala kumapazi latsala pang'ono kuswa lamulo. Wandipatsa moni waulemu, "Bambo, ndamva mbiri yanu." Mwana wabwino. Zikundinyansa.

Zimene ndajambula panja, zonse pa 8:
- amuna akutuluka kumzikiti nikaha, mwambo womanga ukwati, itatha
- ashehe ndi a Bwanali akugwirana chanza
- mkwati ndi anzake, onse atavala magalasi akuda
- banja lonse pabwalo, mizere itatu, mayi aakulu ndi mayi aang'ono nditawayeza ndi chingwe
- mphatso zonse: bedi, matiresi, makina osokera, mapoto, wailesi ya makaseti

A Bwanali andigwira paphewa. "Makina osokerawo aoneke bwino." Ndawatsimikizira kuti aoneka mpaka singano.

Kenako nthawi yanga. Mkwatibwi ali m'chipinda ndi amayi okhaokha. Amuna salowa, koma ojambula atilola kuima pakhomo kamphindi. Wa ku Salima wayamba: fulashi ng'ani! Amayi onse atsinzina, khanda lalira. Ine ndaseka chamumtima. Ndabweza mphete pa 1.4.

Asiyatu wakhala pamkeka, nsalu yonyezimira, manja ojambulidwa maluwa. Kuwala kukulowa pang'ono kuchokera kukhomo la kuseri, kofewa. Ndi chimenechi! Cha m'magazini chija!

Koma mkwatibwi wakuno sadzutsa nkhope. Mwambo wake ndi kuwerama, maso pansi, osaseka, ngati akumva chisoni kusiya kwawo. Ndikusaka diso, diso palibe. Mpango wokha. Kupotokola, kubwerera. Azakhali ake akuti, "Fulumirani bambo, muno si mwanu."

Kumbuyo kwa mkwatibwi, kupyola khomo la kuseri, kumene akuphikira, wina akuseka. Kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba. Dzanja langa lapotokola lokha kuti ndione ndani. Nthawi yomweyo a Bwanali kumbuyo kwanga: "Jambulani!" Kheche! Chitseko chatsekedwa.

Ndikukhulupirira kuti mphete ya fokasi ndinali nditaibweza. Ndikukhulupirira.

Mpunga unali wabwino kwambiri. Ndadya mbale ziwiri, wa ku Salima imodzi.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Pobwera, molunjika m'chipinda chotsukira.

Filimu yatuluka m'mankhwala ili bii kuyambira koyamba mpaka pafupi ndi kumapeto. Ndatulutsabe pamapepala, poti munthu sukhulupirira msanga.

- amuna akutuluka kumzikiti: mbee
- ashehe ndi a Bwanali: manja awiri akuyandama m'mwamba
- mkwati ndi anzake: magalasi akuda okhaokha, opanda eni ake
- banja lonse: palibe wooneka kuposa mnzake, pakuti palibe wooneka
- makina osokera: ndasaka, ndawasowa

Ndamasula Kadzidzi pa kamera. Mphete pa 8, ndakankha kamsomali ka kumbuyo kamene kamatsekera bowo. Zii. Pa 16. Zii. Ndamulozetsa kuzenera: timasamba ta m'kati tamatirira ndi mafuta akale ouma ngati utomoni. Mphete imalira bwino, koma bowo silisuntha. Mwina linasiya kutseka mzungu uja akadali mnyamata. Sabata yonse sindinadziwe, chifukwa ndinalumbira kuti sinditseka, ndipo lumbirolo ndinalisunga bwino kwambiri. Dzulo lonse ndajambula padzuwa diso lili yasa.

Chikomekome cha mkuyu.

Chatsala chimodzi, cha m'chipinda. Ndachiika m'mankhwala. Chikutuluka pang'onopang'ono. Kutsogolo, mtambo wonyezimira wooneka ngati mulu wa nsalu: ameneyo ndi Asiyatu. M'mbali, mithunzi ya azakhali. Ndipo pakati, patali, m'kati mwa khomo la kuseri, munthu mmodzi ali ngwee. Nsalu ya maluwa, chipande m'manja, mutu chagada, akuseka. Utsi wa nkhuni wamuzungulira mofewa. Kampata ka mano ake, kathukuta pamphumi, zonse.

A Nabanda.

Ndakhala pansi. Chimaposa cha m'magazini, ndipo sindikudziwa kuti kuseka kotereku anayamba liti, kapena ndine amene sindimayang'ana.

Masana ndapita kwa a Bwanali, poti mlandu suola. Ndawaonetsa zoyera zija, ndafotokoza za mafuta ouma. Amvetsera mpaka kumapeto. Akuti zonse amakonza ndi Mulungu, ndipo Alihamudulila wa ku Salima analipo, zake zibwera sabata yamawa. Andiperekeza mpaka pamsewu. Pamenepo akuti, "Ukwati wa mng'ono wake wa Asiyatu mudzabwere ndithu. Musadzavutike kunyamula kanthu. Mudzangobwera kudzadya."

Basi. Zatha bwinobwino, mwaulemu, ngati mmene a Bwanali amathera zinthu zonse. Zikundipweteka, sindinama. Maukwati a boma lino apita pa njinga yamoto.

Zotsala:
- kulembera alamu ku Dwangwa, mwina angabweze lakale (sabweza)
- kuchotsa a Longwe pa bolodi
- zithunzi za ziphaso, m'nyumba, munthu mmodzimmodzi, makutu ndidzawapepesa

Pofika kunyumba ndapeza chingwe cha zithunzi chili ndi mpata. A Nabanda akhala pakhonde, chithunzi chili pamiyendo, achigwira m'mphepete ndi nsonga za zala kuti chisade. Sanandione msanga. Ndaima pa mpanda.

Kenako, osadzutsa mutu: "Ameneyu ndine?"

Ndavomera.

"Zaka zonsezi. Kuti mundijambule mpaka mwachita kulakwitsa."

Ndati ndikhoza kuwatulutsira china chachikulu, cha pa felemu. Akuti ayi, filimu ndi ya makasitomala. Alowa nacho m'nyumba, ndipo ndamva sutikesi yawo ikutsegulidwa, ija amasungamo nsalu zosavala.

Kadzidzi ali pa shelefu, diso chitsegukire. Mwera wayambiranso.